Malaya a Amuna Anga m'Chofunda cha Mwana wa Eni

1

Ine ndine telala, ndipo osati telala wamba. Munthu akangoponda pakhomo la shopu yanga, chiuno chake ndimachidziwa tepi ndisanaigwire. Wodzasoketsa diresi la ukwati woti sukhalitsa ndimamuonera m'maso. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwiretu kuti nkhani imene muwerengeyi sinagwere chitsiru ayi. Inagwera mayi wanzeru zedi.

Tsiku lina m'mawa, ndikupinda miyendo ya mathalauza a yunifolomu, kanalowa kamtsikana ka magalasi, mimba ili patsogolo ngati kabisa mpira m'bulauzi. Kanapereka moni waulemu wopitirira muyeso, kenaka kanatulutsa jumbo m'chikwama.

"Mayi, ndamva kuti pa zofunda za zigamba palibe wokuposani."

"Amene anakuuzaniyo sanakunamizeni. Yalani tione."

Kanayala patebulo mabokosi asanu. Kwa inu osasoka, bokosi ndi tizigamba tolumikizalumikiza mpaka kukhala chidutswa chimodzi cha makona anayi, kukula kwake ngati mpango wa m'thumba. Mabokosi akachuluka ndiye timawalumikiza n'kukhala chofunda. Akewa anali okhota, misoko ina yonenepa ina yoonda, makona osakumana ngati apongozi odana.

"Ndinayamba ndekha," kanatero, "koma nsalu yandithera, nzeru zandithera, masiku nawo akutha. Ndimafuna mwana akabadwa adzafunde chimenechi. Mabokosi asanu okha angatuluke chofunda?"

"Mwana wanga, ine ndinatulutsapo chofunda pa bokosi limodzi. Njira zilipo. Titha kuika malamba a nsalu ina pakati pa bokosi ndi bokosi kuti atalikirane, ndipo malambawo abisanso kukhota kwanuku. Titha kudula mabokosi ena a nsalu imodzi yosalumikiza n'kumalowetsa pakati, lanu, langa, lanu, langa, mwadzidzidzi achuluka. Kapena tiwapendeketse onse aime pa kona, m'mbalimu tidzaze ndi tizidutswa ta makona atatu. Tikatero tizunguliza mphepete, yaing'ono kaye kenaka yaikulu, mpaka chikule. Mkati thonje, kumsana nsalu imodzi yofewa, kumapeto mpendero. Chatha."

Kanaomba m'manja ngati ndakawerengera zotsatira za mayeso.

Ndinanyamula bokosi limodzi kuti ndione misoko. Pakati pake panali kachigamba ka buluu ka mizere yoyera. Pakona pa kachigambako panali patang'ambikapo kale, wina n'kutseka ndi ulusi, msoko wopingasa ngati minga ya nsomba. Msoko umenewo m'tauni yonse amasoka munthu mmodzi. Ndine. Ndinausoka tsiku limene malaya a amuna anga anakodwa pa msomali wa chitseko cha bafa.

Ndinayang'ana mabokosi enawo. Nsalu ya khofi ya timadontho: amuna anga. Yobiriwira: amuna anga. Patebulo ponse panali amuna anga okhaokha, oduladula.

"Nsalu zabwino," ndinatero. "Munagula kuti?"

Kanaseka kakuyang'ana pansi. "Ndi malaya a bambo ake a mwanayu. Anawachepera. Akuti ndawanenepetsa."

Ndipo zoonadi, miyezi imeneyo mimba ya amuna anga inali itayamba kutsogola. Ine n'kumati ndi kuphika kwanga.

2

Amuna anga anthu amawatcha a Phee. Amakonza mafiriji, ndipo ndikuganiza kuti kukhalitsa ndi mafiriji kunawaziziritsa lilime. Mawu amene iwo amayankhula pa sabata, ine ndimawamaliza ndisanatsuke mkamwa. Munthu wotere ndiye womukhulupirira, eti?

Malaya awo onse ndimasoka ndine. Atayamba kusowa amodziamodzi, ndinafunsa.

"Ali kochapitsa."

Ena aja?

"Anathimbirira ndi oyilo. Ndinapatsa mlonda."

Ine n'kumanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wachifundo. Chifundo chakecho tsopano ndinali nditachiona ndi maso, chitavala magalasi, chili ndi pakati.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti ine nyumba yanga ndinkaiyendetsa mwadongosolo. Mwana tili naye mmodzi, mnyamata, timamutcha Bwana Wamng'ono. Amagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi ndipo amachita lendi mbali ina ya tauni, kwathu amangobwera Lamlungu kudzakhuta. Ameneyo ndi amene anandiuza pamaso kuti, "Amayi, ku ofesi anthu savala zosoketsa." Ndinamukhululukira poti ndinamubereka ndekha. Mkazi ndinali nditamupezera kale, mwana wa mnzanga wa kukwaya. Ndinalengezanso patebulo, bambo ake ali pomwepo, kuti mtsikana amene adzandibweretsere mimba pakhomo panga ine ndisanamusankhe, adzadziwa kuti sizasi sidula nsalu yokha. Ndinkalondera mwana, chonsecho wofunika mlonda ndi bambo.

Madzulo a tsiku limene kamtsikana kaja kanabwera kushopu, tikudya, a Phee anakhosomola.

"Mayi, pali kankhani kena kamene ndimafuna..."

"Kankhani? Inuyo? Dikirani ndiitane aneba, angaphonye chozizwitsa."

Anayang'ana mbale yawo n'kupitiriza kudya. Ine mumtima ndinati, muulule nokha kuti mudzaoneke olapa? Ayi, bambo. Ndikugwirani ndi manja anga.

3

Mnzanga wa saluni yoyandikana ndi shopu yanga dzina lake ndi Wailesi. Chifukwa chake musandifunse. Nditamuuza, anasiya mutu wa kasitomala uli ndi sopo.

"Si ndimanena ine? Madzi odekha ndi amene amamiza. Koma iwowo musawafunse, akana. Kafunseni kamtsikanako, mwachikondi, ngati ndinu azakhali ake."

Katabweranso kudzasankha mitundu ya nsalu, ndinakapatsa mpando wa kushoni. Ndinakapangira tiyi. Shuga ndinathira ndekha, ndipo Mulungu ndi mboni kuti anali shuga yekha.

"Nanga bambo a mwanawa, kwanu akudziwika?"

"Kwathu akudziwika. Kwawo ndiye..." Kanavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi bulauzi. "Akuopa amayi kunyumba."

Amayi kunyumba. Ndiye ineyo, ndili pomwepo, tepi m'khosi.

"Ndi olusa amayiwo?"

"Akuti mtima ndi wabwino, koma pakamwa."

"Ooh. Ndiye akuti zitha bwanji?"

"Akuti ndidikire, awauza nthawi yabwino ikakwana. Koma nthawi yabwinoyo sikukwana, pamene mimba sikudikira." Kanandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba. "Inuyo mayi, mukanakhala inu, mukanandilandira?"

Kulimba mtima kwake! Ndinamwetulira.

"Ine? Ndikanakulandirani ndi manja awiri. Lina sizasi, lina simbi yamoto."

Ndinaseka kuti zioneke ngati nthabwala. Iko sikanaseke. Kanavala magalasi, kanati mitundu ndisankhe ndekha poti ndine wodziwa, ndipo kanatuluka tiyi kasanamalize. Ndinadziyamikira kwambiri tsiku limenelo.

4

Loweruka a Phee anati akukakonza firiji ya mwini butchala. Anatuluka ndi chikwama cha zitsulo, ine ndi Wailesi pambuyo, patali pang'ono, titavala mipango ngati tikupita kokaona odwala.

Butchala yake inali yodabwitsa. Inali sitolo ya zinthu za makanda. Anatulukamo atanyamula beseni lachikasu losambitsira mwana, n'kukwera basi. Ife tinakwera yotsatira.

Anatsikira ku nyumba zosanja za lendi, zija za khonde lalitali lodzaza zingwe zoyanikira. Anakwera masitepe ngati mnyamata, munthu amene kunyumba amadandaula bondo akamatola rimoti. Tinaima pansi, kuseri kwa thanki ya madzi. Anagogoda. Chitseko chinatseguka, magalasi aja n'kung'anima.

"Adadi, mwafika!"

Wailesi ananditsina. "Mwamva? Masiku ano onse ndi adadi. Za amalume zinatha."

Kamtsikana kanalandira beseni, kananena kanthu kena, ndipo amuna anga anaseka. Anaseka mano onse poyera, mano amene ine ndinawaona komaliza pa chithunzi cha ukwati.

Apa ndisakunamizeni, owerenga, nthabwala zinandithera. Nditabwerera kushopu ndinalowa kuseri kwa katani yoyeserera zovala n'kulira, mpango kukamwa kuti Wailesi asaulutse. Mwana ndinawapatsa mmodzi. Mimba zina zinapita padera, ndipo nthawi zonse iwo ankandigwira dzanja n'kunena kuti mmodziyo watikwana. Zaka zonsezi mawu amenewo ndi amene ndinkatsamira. Kani ankanena ndi pakamwa pokha.

Nditamaliza kulira ndinasukusula, ndinanola sizasi.

5

Kamtsikana kanati nsalu yakathera. Nanga ine, mayi wachifundo wokwatiwa ndi bambo wachifundo, ndikanalola mwana wosalakwa agone pamphepo? Kakufuna malaya a amuna anga? Katenge onse.

Lolemba, a Phee atapita kuntchito, ndinakhuthula wadirobu. Ndinawasiyira ovolosi ndi malaya amodzi ofwifwa opentera nyumba. Zina zonse m'chikwama, ulendo wa kushopu.

Ndikuuzeni zoona, sindinasokepo chinthu chokongola ngati chimenecho. Mkwiyo ndi mphunzitsi wabwino wa misoko. Mabokosi ake aja ndinawaongola ndi simbi, ndinawadula m'mbali kuti afanane, n'kuwapendeketsa: limodzi pakati, ena aja m'makona. Mipata ndinadzaza ndi mabokosi a malaya oyera a kutchalitchi. Malamba ndinadula ku malaya a buluu woderako, kuti mitundu yowala ija ipume. Mphepete yaing'ono inachokera ku mataye. Itafika mphepete yaikulu, ndinayang'ana suti ya ukwati wathu, yotuwa, imene a Phee ankaisunga m'pepala ngati satifiketi. Sizasi inalowa ngati ikudula buledi. Thalauza lake linapereka mpendero.

Kunatsala kumsana. Pamafunika nsalu imodzi yaikulu, yofewa, yoti isakande khungu la khanda. M'shopu munalibe yondikhutiritsa. Kunyumba inalipo, m'sutikesi pamwamba pa wadirobu: nsalu ya mkati mwa diresi langa la ukwati, ya thonje, yofewa ngati tsaya. Ndinaimasula ndekha. Pamenepo ndinati ukwati ukatha, diresi ndilisungirenji?

Madzulo ake a Phee anaima kutsogolo kwa wadirobu nthawi yaitali, akuyang'ana mahang'ala opanda kanthu.

"Mayi, malaya anga?"

"Ali kochapitsa. Komwe kunapita anzawo kuja."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Mayi, ndikuganiza kuti mwina simunamvetse..."

"Ine kusamvetsa? Bambo, ine ndimamvetsa munthu asanayankhule. N'chifukwa chake banja lathu lakhalitsa."

Anavala ovolosi sabata yonse.

6

Loweruka lotsatira kunapezekanso firiji ina yodwala. Ndinawapatsa mpata kuti akafike, kenaka ndinakulunga chofunda, ndinavala diresi langa labwino, n'kutenga Wailesi, poti nkhani yabwino imafuna mtolankhani.

Khonde linali lodzaza. Amayi ankachapa, ana ankathamangitsana, bambo wina ankameta ndevu pagalasi lopachika pa msomali. Ndinasuntha matewera a eni pachingwe n'kuyanika chofunda changa, kenaka ndinagogoda ndi chibakera.

Kanatsegula kamtsikana kaja. Katandiona nkhope inasintha, koma kataona chofunda kanagwira pakamwa.

"Mayi! Kukongola kwake!"

"Musathokoze msanga, ndisanakuonetseni bwino. Aneba, tabwerani pafupi, mudzaone luso! Kuonera n'kwaulere!"

Anthu safuna kuitanidwa kawiri. Ngakhale wometa uja anabwera, tsaya limodzi lili ndi thovu.

"Mabokosi asanuwa anasoka ndi mayi wa nyumba inoyi, ndi malaya a amuna anga. Oyerawa ndi amene amavala akamakaimba nyimbo za kulapa. Mphepete iyi ndi suti imene anavala polumbira kuti ndi ine ndekha mpaka imfa. Tembenuzani kumsanaku, mayi, musaope, gwirani. Limeneli ndi diresi langa la ukwati. Ndati poti mwamuna watenga kale, atengeretu ndi zokutira zake."

M'nyumbamo munatuluka mayi wachikulire, nkhope yofanana ndi ya kamtsikanako.

"Pepani, kodi inu ndinu ndani?"

"Ndine amayi kunyumba. Inu ndiye amene munabereka? Munalera bwino. Ena ana awo amawaphunzitsa kusoka, inu wanu munamuphunzitsa kupasula mabanja a eni."

Kumbuyo kwawo kunatulukira a Phee, mu ovolosi, sipanala m'manja.

"Mayi, tamverani kaye..."

"Khalani chete! Ndi ntchito yokhayo imene mumaitha!"

Ndipo anakhaladi chete. Ndinapuma mpweya kuti ndiyambe ndime yachiwiri, imene ndinali nditaikonza bwino kuposa yoyamba.

"Amayi?"

Mawuwo anachokera m'kati. Pakhomo la chipinda panaima Bwana Wamng'ono, atanyamula mbali imodzi ya kabedi ka mwana kosamaliza kumanga. Anali atavala malaya achikasu a timabokosi amene ndinasokera bambo ake, aja anapatsidwa mlonda aja. Mabatani a pamimba anali pa nkhondo.

Mukuganiza kuti ndinamvetsa pomwepo? Mwaiwala kuti ndine wanzeru.

"Iwe ukutani kuno? Nawenso ukuthandizira zauve za bambo akozi? Mpaka kuwamangira bedi?"

"Amayi, ndimakhala pano. Ndinasamukira kuno chaka chatha." Anaika thabwa lija pansi. "Mwanayo ndi wanga."

Wina pakhondepo anati, "Ayi ndithu." Ndinatembenuka kuti ndione Wailesi. Wailesi inali itazima, ndipo inali kale pansi pa masitepe.

"Nanga... malayawa?"

"Ndinkabwereka kwa adadi. Ku ofesi aliyense amafunsa kumene ndimagula. Ndikanabwera bwanji kwa inu, nditanena kale zija?"

Mtsikana uja sanalire mokuwa. Bwenzi zili bwino akanatero. Anangoima atagwira chitseko, misozi ikutsika pansi pa magalasi.

"Ndinabwera kushopu kwanu dala, amayi," anatero. "Ndinkakudziwani. Mwana wanu ankangoti mawa, mawa. Ndiye ndinati ndipite ndekha, mwina mukandizolowera ngati kasitomala, tsiku lomva zoona simudzandida kwambiri. Ndinkafuna mwanayu adzafunde chosoka agogo ake. Kuti malayawo ndi a adadi, ine sindinkadziwa."

Atatero anagwira pamimba, anapinda msana n'kuyamba kugwa. Mayi ake anakuwa. Mwana wanga anandikankhira pambali ngati mpando n'kumunyamula.

7

Kuchipatala anati magazi athamanga kwambiri, ndipo mwana sangadikirenso masiku ake. Anamulowetsa kochitira opaleshoni. Ine ndinafuna kutsatira mpaka pakhomo, koma mwana wanga anaima kutsogolo kwanga.

"Amayi, apa pokha ayi. Mwayankhula kale. Zakwana."

Sanakweze mawu. Anatengera bambo ake.

Ndinakhala pa benchi ya pakhonde, diresi langa labwino lija likundiyabwa thupi lonse. Mayi a mtsikanayo anakhala benchi ina, atandifulatira. A Phee anabwera n'kukhala pambali panga, akununkha oyilo.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

Ndinkayembekeza kuti ayang'ana pansi monga mwa masiku onse. Sanatero.

"Ndinayesa, mayi. Patebulo ndinayesa. Pa wadirobu ndinayesa. Lero ndayesa. Inu munthu akatsegula pakamwa mumamumalizira mawu, ndipo mumamaliza ndi anu. Mwana wanu yemwe anabwera kwa ine akulira ngati wa sukulu, kuti adadi, amayi ndiwayamba bwanji. Ndinamuuza kuti ndikuyambira ine. Ndinalephera, limenelo ndi tchimo langa. Koma zoti ine ndingakuchiteni zimene munaganizazo, pambuyo pa zonse tinaona limodzi zija..." Anapukusa mutu. "Suti sindikudandaula. Ndikudandaula kuti munakhulupirira osafunsa."

Amenewo anali mawu ochuluka kuposa onse amene anayankhula chikwatirane. Ndinafufuza yankho m'kamwa monse, ine amene sindisowa yankho. Munalibe.

Dzuwa likupendeka nesi anatuluka. Mwana wamkazi, wochepa ngati botolo, amuika m'kabokosi kagalasi kofunditsa. Mayi ake ali moyo koma afooka. Onse analowa kukaona, mmodzimmodzi. Ine nesi anandifunsa kuti, "Nanga inu ndi ndani wake?" Ndinati ndine telala.

8

Masabata amene anatsatira, shopu yanga inadzaza kuposa kale. Anthu ankabwera ndi batani limodzi lothothoka kuti adzangoona mayi amene anachitira nsanje mdzukulu wake. Wailesi ankalumbira kuti sanauze munthu, ndipo ndikumukhulupirira: sanauze munthu mmodzi, anauza onse. Mnzanga wa kukwaya uja anasiya kundipatsa moni.

Ndinapita kukapepesa kwa mayi a mtsikanayo. Anandimvetsera ali chiimire, n'kunena kuti amva. Mwana wanga foni sankayankha. Nkhani za khanda ndinkazimvera kwa a Phee, amene tsopano ndinkawadikira pakhomo ngati nyuzipepala. Lero wayamwa. Lero wakwera sikelo. Lero atuluka. Ndinaphunzira kufunsa funso n'kutseka pakamwa mpaka yankho lithe. Ndi ntchito yowawa, sindikudziwa kuti anthu ena amaitha bwanji moyo wonse.

Chofunda chija ndinkaganiza kuti anachitaya, kapena anachiyatsa, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Koma tsiku lina masana a Phee analowa m'shopu.

"Apongozi anu akuti chofunda chamasuka mpendero mbali imodzi. Akuti mukakonze."

"Chili kuti?"

"Akuti mukakonzere komweko."

Ndinatenga singano ndi ulusi. Masitepe aja ndinakwera ngati wopita kukhoti. Pakhonde, bambo wometa ndevu uja anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, n'kuitana mkazi wake kuti adzaone.

Mpongozi wanga anali pampando, ataonda, magalasi akuoneka aakulu pankhope. Mwana wanga anaima pawindo manja atapinda. Pa kabedi kaja, kamene tsopano kanali katamangidwa, panali chofunda, ndipo pamwamba pake panagona kanthu kakang'ono, zibakera zili kumakutu.

"Ndi apa, amayi," anatero mpongozi wanga, akuloza.

Ndinagwira mpenderowo. Msoko wanga sumasuka wokha, zimenezo ngakhale adani anga amavomereza. Ulusi unali wodulidwa bwinobwino ndi sizasi, mfundo imodzi imodzi, ndi munthu wodekha amene anakhala pansi n'kuganiza. Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ana kudenga.

Mawu anafika pa lilime, okoma, akuthwa, oyenera. Ndinawameza.

"Zoonadi," ndinatero. "Ndinasoka mothamanga. Pepani, mayi. Pepani pa zonse."

"Khalani pansi, musokere pomwepo. Koma musamudzutse. Akadzuka mumunyamula nokha, ameneyu pakamwa anatengera kwina."

Mwana wanga anaseka mwangozi, n'kudzigwira. Ndinasoka pang'onopang'ono kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, ndipo nditaona kuti ndikumaliza asanadzuke, ndinakhosomola.

9

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga anzeru, amene mumadziwa za m'thumba la amuna anu musanapisemo dzanja: sindikuuzani kuti amuna onse ndi angelo. Ambiri mwa inu mukawatsatira Loweruka mukapezadi zimene mukuganizazo. Ine ndikungoti safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya langa pamaso pa khonde lonse, n'kutsala pang'ono kudyetsa khanda losalakwa. Ngati anthu a m'nyumba mwanu onse amanong'ona mukalowa, musafulumire kunena kuti ndi akuba. Mwina ndinu mvula, akungobisala.

Mpongozi wanga sanandikhululukire zonse, ndipo sindikumukakamiza. Amandilola kubwera Loweruka. Ndikayamba kulangiza za kasambitsidwe ka mwana amangoti, "Amayi," ine n'kutseka. Wayamba kuphunzira kusoka, makona ake akuyamba kukumana.

Ukwati wawo uliko mwezi wamawa. Diresi la mkwatibwi ndapatsidwa ine, nditapempha kawiri. A Phee nawo akufunika suti yatsopano, pa zifukwa zimene mukuzidziwa. Ndinatenga tepi kuti ndiwayeze, iwo n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndapereka kale kwa telala wa tsidya la msewu," anatero.

Wa tsidya la msewu! Munthu woti manja a jekete amasoka lina lalitali lina lalifupi! Ndinatsegula pakamwa. Iwo anandiyang'ana, akudikira.

"Amasoka bwino," ndinatero.

Pa ukwatipo mukadzaona bambo wofatsa dzanja limodzi litabisika m'jekete, ndi amuna anga. Mayi wokhala pambali pawo ali duu, akutuluka thukuta, ndine. Mudzandipatse moni, koma musadzandifunse maganizo anga pa sutiyo.